Ndinaitana Timu Yonse ku Ubatizo, Kupatula Mmodzi

1

Ndiyambe ndi kuvomera: pakamwa panga palibe chitseko. Dzina langa ndine Jhemalyn, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, koma kuno ku Navotas, tauni ya asodzi, mukafunsa za Jhemalyn anthu akuyang'anani ngati mwasochera. Muziti "Wayilesi", akuperekezani mpaka pakhomo. Sukulu ndinalekera kalasi yachisanu. Sikuti ndinali mbuli ayi. Aphunzitsi ndi ine tonse tinkafuna kulankhula nthawi imodzi, ndiye mmodzi anayenera kuchoka.

Amayi anga, a Nanay Ising, ali ndi kalesitilanti ka matebulo asanu moyang'anizana ndi holo imene timu ya basiketibolo ya Sardinas Amparo imakonzekererako masewera. Timuyo ndi ya a Donya Amparo, mayi wamasiye mwini fakitale ya nsomba za m'chitini, munthu woti kolona sichoka m'manja. Chaka chathachi timuyo inathera kumchira kwenikweni, mpaka oichemerera omwe ankati anyamatawo afanana ndi katundu wa bwana wawo: ataliatali, othinana, opanda mutu.

Koma kudya kokha amatha. Ndipo munthu akamadya amalankhula, ine n'kumatola. Ndinkadziwa amene bondo lake latha koma akubisira dokotala, amene amadaya imvi, amene ali ndi mafoni awiri.

Nkhani imodzi yokha ndi imene inkandilaka, ndipo inali m'nyumba mwathu momwe. Achemwali anga, Ate Sali, anabereka mwana wamwamuna mu Epulo, tinamutcha Botchok. Bambo wake? Zii. A Nanay analira, anakalipa, anawakokera kwa wansembe, koma Ate anangoluma mano. Pachikalata cha kubadwa, pamalo a dzina la bambo, panali poyera ngati mbale yotsuka. Azimayi ogulitsa nsomba ankafunsa mokoma kuti, "Mwana wa mphepo ya kunyanja uja wadzuka bwanji?" Ena ankandigwira ineyo: "Wayilesi, mabatire atha? Za eni umaulutsa, nanga za kwanu?"

Ndinalumbira kuti Botchok sadzakula ndi mpata pachikalata chake. Kunena zoona, za mabatirezo zinandiwawanso.

2

Tsiku la dirafuti, pamene matimu amasankha osewera atsopano, lesitilanti yathu inadzaza anthu oonera kanema. Linali Lamlungu masana. Mayina akuluakulu anatha, anthu anayamba kuyasamula ndi kuitanitsa khofi. Ulendo wachitatu wosankha, timu yathu inatchula dzina: Efren Lumagbas.

Efren tinkamudziwa. Mnyamata wa kuchilumba cha Samar, wamanyazi, makutu ngati zogwirira mphika. Anali atatha chaka ndi theka akusewera timu yaing'ono ya pafakitale, n'kumadya kwathu tsiku ndi tsiku, mpunga mbale zitatu, ndiwo supuni imodzi. Pakanemapo anakwera pansanja atavala suti yobwereka, manja ake othera m'zigongono. Kaputeni wa timu, a Kap Nestor Dimaano, anamuveka jekete la timu n'kumusisita pamutu.

Apo ndi pamene ndinaona. Ate Sali ananyamula Botchok, kumuyang'anitsa kukanema, n'kunong'ona kuti, "Taona, mwananga. Taona." Misozi ili mbwee.

Mumtima ndinati: ndakugwira, mnyamata wa makutu iwe.

Kuyambira tsikulo umboni unkangobwera wokha. Ndani ankanyamula Botchok Ate akamapakula? Efren. Ndani ankadziwa kumugeyetsa? Efren. Nanga miyendo ya mwanayo! Kutalika ngati nsungwi. Kwathu tonse ndife afupi, a Nanay amakwera pampando kuti atsitse mchere.

"Kuya Efren, mwanayu amakukondanitu," ndinamuyesa tsiku lina. (Kwathu kuno mwamuna wokuposa msinkhu umamutchula kuti Kuya, ngati kunena kuti achimwene.)

"Kwathu tilipo asanu ndi anayi, Jhem, woyamba ndine. Ndinayamba kusintha matewera ndisanagwirepo mpira."

"Miyendo yake mwaiona? Ikukhala ngati ya munthu wina wake."

"Eetu. Adzasewera ameneyu."

Osaphethira n'komwe! Ndinati iyi ndi mbava yokhwima.

Chifukwa chobisira ndinachipezanso ndekha. Kusankhidwa pa dirafuti sikulembedwa ntchito. Timu imatenga anthu khumi ndi asanu, ndipo malo otsala anali amodzi okha. Ankawalimbirana Efren ndi mphwake wa manijala wa fakitale, mnyamata woti akaponya mpira umakagwera kwa ogulitsa mtedza. Efren anali ndi miyezi iwiri yoti adzionetse ligi isanayambe. A Donya akanamva kuti ali ndi mwana wapatchire, basi zake zada.

Ndinawapanikiza Ate kukhitchini.

"Ndi Efren eti?"

"Jhem, ukapitiriza ndikusoka milomo ndi ulusi wa ukonde."

"Simunakanetu."

"Choka apa!"

Kwa ine "choka" ameneyo anali "inde".

3

Ubatizo wa Botchok unakonzedwa Lamlungu lomaliza la Ogasiti. Ate ankafuna kanthu kachetechete: bambo wa ubatizo mmodzi, mayi wa ubatizo mmodzi, basi. Koma kwathu kuno mwana amatha kukhala ndi a ninong ndi a ninang, ndiwo abambo ndi amayi a ubatizowo, ngakhale makumi awiri, ndipo munthu akakupempha kuti ukhale ninong, sukana. Kukana ndi kudziitanira tsoka. Tsono palibe anthu oopa tsoka kuposa osewera mpira. Awa ndi anthu oti akapambana atavala sokosi ina, saichapa mpaka ligi itatha.

Ndinakasindikiza makadi okhala ndi chithunzi cha Botchok atavala kachipewa. Ya a Donya ndinapatsira dalaivala wawo. Lachiwiri masana ndinalowa muholo muja nthawi yopuma, anyamata ali ndakatandakata pansi, thukuta kununkha ngati doko lonse lalowa m'nyumba.

Ndinayambira a Kochi Dado. Anapukusa mutu, koma analandira. Kenako mmodzimmodzi. Wina anati, "Ameneyu ndi wa nambala makumi anayi, Khirisimasi ndimabisala kudenga kuthawa ana ofuna mphatso," koma analandira.

Ndinafika kwa a Kap Nestor. Awa ndiye nkhope imene ili pachitini chilichonse cha Sardinas Amparo. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, bambo wa ana aakazi anayi, wotsogolera pemphero la timu, woti asanaponye mpira amayamba wapsompsona mendulo ya Mayi Maria. Kwathu ankangobwera kudzamwa khofi, chifukwa chakudya chawo ankabweretsa akazi awo, Aling Cora, amene sakhulupirira mphika wa mkazi wina. Tsikulo Aling Cora anali pomwepo, akuwakupiza ndi kabuku ka nyimbo.

"A Kap, Botchok akupempha kuti mukhale ninong wake."

Madzi amene ankamwa anawatsamwa. Anatsokomola mpaka maso kufiira.

"Ine... Lamlungu limenelo ndili ndi ulendo wa ku Batangas."

"Ulendo wanji umene ine sindikuudziwa?" anatero Aling Cora. "Ukufuna bondo liphulike ligi isanayambe? Mwana wa eni sakanidwa. Bweretsa kuno khadiyo, iwe. Tibwera tonse, ine ndikhala ninang."

Makadi khumi ndi asanu ndi awiri anatha. Efren anali ataima kumapeto, akupukuta manja pakabudula, akumwetulira, kudikira yake. Ndinamudutsa ngati mzati.

"Wayilesi, wamudumphatu mlendoyu!" anakuwa Kuya Tikboy, katswiri wa nthabwala patimupo.

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Mawu amenewa ndinali nditawayeserera pagalasi masiku atatu.

"Sindinamudumphe, Kuya Tikboy. Katekisimu munaphunzira inu? Pali munthu mmodzi yekha padziko lonse amene saloledwa kukhala ninong wa mwana."

Holo yonse inati zii. Mpira wina unagudubuzika wokha mpaka kukhoma. Kenako chiphokoso!

"Papa Efren! Papa Efren!"

Anamugenda ndi matawulo, kumukwera pamsana, wina kumupatsa mpira kuti auyamwitse. Efren ankati, "Ayi, anyamata, si zoona," koma ndani akanamva? A Kap okha ndi amene sanaseke. Ndinati taonani munthu wa Mulungu, zamukhudza.

4

Ate anamva nkhaniyi dzuwa lisanalowe. Anandipeza ndikusenda adyo.

"Waitana ndani?"

"Timu yonse, Ate. Botchok akhala ndi a ninong aatali kuposa chitseko cha tchalitchi."

"Ndati ndani? Tchula mayina!"

Ndinayamba kutchula. Nditafika pa a Kap ndi Aling Cora, mphika wa sinigang umene anagwira unagwa, msuzi n'kumwazika mpaka pamsewu.

"Pita ukalande makadiwo."

"Khadi ya ubatizo amalanda? Mwamvapo kuti?"

"Jhem, sukudziwa chimene wachita."

"Ndikudziwa. Ndamuika pakona. Lamlungu adzasankha yekha: kuima kutsogolo ngati bambo, kapena kubisala ngati khoswe."

"Efren alibe mlandu!"

"Mpaka pano mukumuikirabe kumbuyo? Chikondi ndi matenda, Ate."

 Ndinaona kuti pali mawu amene afika pakhosi pa Ate. Anawameza, n'kukatenga chokolopera.

Pofika Lachinayi nkhani inali itazungulira msika wonse wa nsomba, n'kubwerera kwa ine itanenepa: ati Efren ali ndi ana enanso atatu ku Samar. Sindinatsutse. A Donya anamuitanitsa kuofesi. Dalaivala wawo anandiuza zonse, posinthana ndi mbale ya nyama ya adobo. Akuti anamufunsa katatu, iye anakana katatu, ndipo a Donya anati, "Kuchimwa ndimakhululuka. Koma mwamuna wokana magazi ake sangavale dzina langa pachifuwa."

Lachisanu m'mawa anamata mayina khumi ndi asanu pachitseko cha holo. Dzina lomaliza linali la mphwake wa manijala.

Masana Efren anabwera kudzadya monga mwa nthawi zonse. Anadya mbale imodzi yokha. Ponyamuka anaima pafupi nane.

"Si wanga, Jhem."

"Mukauze wansembe Lamlungu."

Anatuluka ataweramitsa mutu kuti asagunde pachitseko. Kamtima kanandigunda pang'ono, koma ndinakauza kuti kakhale chete. Chilungamo chimawawa, ndinatero, ndikudzimva ngati loya.

5

Lamlungu tchalitchi inadzaza ngati pa Pasaka. Anthu oti sanapondemo chibatizidwire anabwera, ena ndi mafoni m'manja kudikira kujambula. Amuna khumi ndi asanu ndi awiri ataliatali anandanda kutsogolo atavala malaya oyera a barong, aliyense ndi kandulo yake. A Donya anakhala mpando woyamba. Efren anaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi madzi odalitsa. Nditamuona ndinagwira a Nanay pamkono: "Wabwera. Muona."

Ate Sali anali atayera ngati diresi la mwanayo.

Bambo Ambo, wansembe wathu wokalamba, anawerenga mayina onse mpaka mawu kusasa. Kenako anati, "Tsopano a ninong ndi a ninang, bwerani mmodzimmodzi mulembe chizindikiro cha mtanda pachipumi cha mwanayu."

A Kochi analemba. Kuya Tikboy analemba, n'kunong'oneza mwanayo kuti asadzasewere timu imeneyi. Mzere unkayenda. Ine maso anali kumbuyo, kwa Efren.

Kenako mzere unaima.

A Kap Nestor anali patsogolo pa mwanayo, chala chili m'mwamba, osatsika. Thukuta linali litanyowetsa barong yonse. Botchok anawayang'ana, n'kugwira chalacho ndi kadzanja kake.

"Fulumira, Nestor, anthu akudikira," anatero Aling Cora, kuwagunyuza kumsana.

"Sindingathe."

"Dzanja lauma?"

A Kap anatembenukira kwa wansembe. Mawu awo anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sukulu.

"Bambo, munthu atalemba mtanda umenewu ngati ninong, pamene iye... pamene saloledwa... tsoka lake limagwera ndani? Iyeyo kapena mwanayo?"

Bambo Ambo anavula magalasi.

"Mwana wanga, amene saloledwa kukhala ninong ndi bambo womubereka yekha."

"Ndi chimenecho, Bambo."

Ndikukuuzani, ndinamva phula la kandulo likudontha pansi. Mutu wanga unathamangira kukanema uja wa tsiku la dirafuti. Pansanja paja panali amuna awiri. Ine ndinaona wovekedwa jekete, osaona womuveka.

Woyamba kutsitsimuka anali Aling Cora. Anazimitsa kandulo yawo bwinobwino ndi zala, chifukwa ndi mayi waulemu m'nyumba ya Mulungu, kenako anaithyolera pamutu pa amuna awo.

"Khofi! Zaka ziwiri ukundiuza kuti ukukamwa khofi!"

"Cora, ndi mwana wamwamuna, Cora..."

Apo ndiye anawonjezera ndi kabuku ka nyimbo. A Kochi analowa pakati ngati woimbira mpira, Kuya Tikboy anagwa pabenchi ndi kuseka, a Donya anakomoka mosamala, kugwera mbali imene kunali dalaivala. Bambo Ambo anakuwa kuti mwana abatizidwa basi, kaya kugwe chiyani, ndipo anamuthira madzi mofulumira ngati akuzimitsa moto.

Nditayang'ana kumbuyo, Efren kunalibe.

6

Nkhumba yootcha imene a Nanay anakonza inadyedwa yonse, chifukwa anthu a kuno manyazi sawatsekera kukhosi.

Tsopano mverani chilungamo cha a Donya. Efren anachotsedwa chifukwa chokana mwana woti si wake. A Kap, amene anakhala chete miyezi inayi, n'kuonerera mnyamata wosalakwa akuchotsedwa, anatumizidwa kunyumba ya ansembe ku Tagaytay masiku atatu kuti akalingalire. Anabwerako atanenepa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: nkhope yawo inali kale pazitini za chaka chonse, ndani akanamatula? A Donya anauza atolankhani kuti kaputeni wawo waonetsa kulimba mtima povomera pamaso pa Mulungu. Zitini zinagulidwa kuposa kale.

Ndinapita ndekha kwa a Kochi kukapempha kuti Efren abwerere.

"Mayina tinatumiza kale ku ligi Lachisanu lomwelo," anatero osandiyang'ana. "Komanso ukufuna a Donya avomere kuti analakwitsa? Iwe unayamba wavomerapo?"

Ate anandilankhula kamodzi kokha sabata imeneyo, tikutsuka mbale.

"Ndinkadziwa kuti sadzasiya mkazi wake. Sindine chitsiru. Ndinkangofuna kulera mwana wanga popanda Navotas yonse kundiloza chala kuti ndine wakuba amuna a eni. Ndinasankha kuti azinditcha wopusa kusiyana ndi wakuba. Unali ufulu wanga umenewo, Jhem. Iwe unali ndani?"

"Nanga Efren? Bwanji simunanene atachotsedwa?"

Anasiya mbale m'madzi.

"Limenelo ndi tchimo langa. Ndilisenza. Iwe senza lako."

Lachitatu ndinamva kuti Efren akukwera sitima ya pamadzi kubwerera ku Samar. Ndinamuthamangira kudoko ndi mpunga ndi adobo m'kontena. Ndinamupeza pamzere, chikwama chimodzi paphewa, atatalika kuposa onse, woti sungamusowe.

"Kuya Efren, pepani. Ndinalakwitsa."

Analandira chakudyacho, kuchinunkhiza.

"A Nanay aphika?"

"Eya."

"Ndiye ndilandira." Anavundikira kontenayo. "Kwathu anapachika chinsalu chachikulu pamsewu, chokhala ndi nkhope yanga. Bambo anga anapha nkhumba yawo imodzi yomweyo. Ndikatsika sitima mawa, ndidutsa pansi pa chinsalu chimenecho."

"Munkadziwa kuti ndi a Kap?"

"Timu yonse yaing'ono inkadziwa. Ndife tinkawaona akudikira Ate wako kuseri kwa fakitale."

"Nanga bwanji simunawauze a Donya?"

"Mlendo wa ulendo wachitatu kuneneza kaputeni? Ndipo Ate wako akanakhala bwanji?" Mzere unasuntha, iye n'kusuntha nawo. Kenako anatembenuka. "Chimene chinandiwawa si timu ayi, Jhem. Tsiku lija ndinapukuta manja. Ndinkafuna kukhala ninong wake."

Ndinatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, simunatuluke kanthu.

7

Lero pachikalata cha Botchok palembedwa kuti Dimaano. Loya wa Aling Cora ndi amene anabweretsa mapepala, ati mwana wa mwamuna wawo sangakhale wopanda dzina ngati mphaka wa kudoko. Ndinapeza chimene ndinkafuna. A Kap sanapondenso pakhomo pathu. Ate Sali anachoka ndi mwanayo kupita kwa azakhali ku Bulacan, kumene palibe amene amawadziwa. Amaimbira foni a Nanay Lamlungu lililonse. Ikafika nthawi yanga, amati mwana akulira.

Ligi inayamba. Mphwake wa manijala waponya kale mipira iwiri kwa oonerera, wina unathyola magalasi a mkulu wa ligi. Efren ndikumva kuti akusewera m'mipikisano ya m'midzi nthawi ya zikondwerero, mphotho yake mbuzi.

Inu owerenga, makamaka atsikana anzanga amene makutu anu amayabwa ngati anga, musayembekezere kuti ndinena kuti ndinasiya miseche. Lingakhale bodza, ndipo mabodza ndachita okwanira. Dzulo lomweli ndamva za a Kochi ndi mayi wina wa kusaluni, ndipo ikundiotcha pakhosi. Chimene ndaphunzira n'chaching'ono. Safunsa anadya phula, inde, koma ine ndinafunsa. Anthu awiri anandiyankha zoona, maso ndi maso, ine n'kukana kumva chifukwa nkhani yanga inali yokoma kuposa yawo. Ndiye mukadzaona kuti nkhani ikukukomerani kwambiri, zonse zikugwirizana bwinobwino ndipo inuyo ndi amene mwatulukira, khalani pansi kaye. Fufuzani amene adzalipire mukadzapezeka kuti mwalakwitsa. Kawirikawiri si wamkulu uja ayi. Ndi amene alibe womulankhulira, ndipo amachoka mwaulemu, atakuthokozani chifukwa cha mpunga.